NJINGA NDI NGOLO YAKE PA MISEU YA KU LUWAWA

Pansipa talemba mau amene mlangizi wa chitukuko analankhula kwa eni njinga ku Luwawa, m'boma la Mzimba. Tawalemba monga anawalankhulira, chifukwa tiganiza kuti athandizanso anthu a m'maboma ena a mapiri. Aphunzitsi awawerengere anzathu amene sadziwa kuwerenga.

Mafumu, madoda, aphunzitsi, azimayi ndi azibambo nonse, monire mose. Chitumbuka changa chathera pomwepo, ndipo mundikhululukire kuti zotsalazo ndinena m'Chichewa. Amene akumva bwino athandize anzawo amene akhala nawo pafupi.

Pobwera kuno ndinayamba ndaima panjapo kuyang'ana njinga zanu zimene mwatsamiritsa ku mitengo. Zambiri magudumu a kutsogolo ali bwino, koma a kumbuyo ndi opindika. Zina masipoko anathothoka, ndipo ina ndaiona tayala lake lomangidwa ndi mphira pamene linang'ambika. Sindinena izi kuti mwini wake achite manyazi, iai. Njinga yanga inakhala yotero zaka zambiri. Gudumu la kumbuyo lisenza mwini njinga, lisenzanso thumba la mbatata, makope a ana a sukulu, chigubu cha madzi, kenaka ndi mlamu amene mwakumana naye pa njira. Chitsulo nachonso chimatopa.

Chifukwa cha ichi ena a inu mwayamba kufunsa za ngolo yokokedwa ndi njinga. Mwaziona ngolo zotere zikunyamula odwala kunka nawo ku chipatala, ndipo mwaganiza kuti zingakuthandizeni pa ulendo wanu wa masiku onse. Andifunsa aphunzitsi amene amagona kutali ndi sukulu yawo. Andifunsa amayi amene amapita ndi ndiwo zamasamba ku mseu waukulu m'mawa uli wonse, ndiponso anyamata ogwira ntchito m'nkhalango amene amanyamula macheka ndi makasu. Onsewa funso lawo ndi limodzi: kodi ndikhale ndi njinga yotani, ndi matayala otani, kuti ndizikoka ngolo tsiku ndi tsiku?

Ndisanayankhe, mumve ichi. Ngolo imapumitsa gudumu la kumbuyo, nzoona. Koma katunduyo sapepuka chifukwa mwamuika m'ngolo. Pokwera chitunda amusenza ndi miyendo yanu, ndipo potsika amusenza ndi mabuleki anu ndi matayala anu. Munthu amene aiwala zimenezi agula ngolo yabwino ndi kuimangirira ku njinga imene singathe kuiimitsa.

MISEU YATHU

Kuno ku Luwawa tikhala pamwamba pa mapiri a Viphya, mamita oposa 1,500 kuchokera pa nyanja ya mchere. Miseu yambiri imene tiyendamo inalambulidwa chifukwa cha mitengo ya paini, imene anayamba kubzala m'zaka za m'ma 1950. Kuyambira mu 1964 anabzala yochuluka zedi, mpaka nkhalango yonse ya Viphya inafika mahekitala 53,000, pofuna kumanga fakitale ya mapepala imene sinamangidwe. Tsono miseu imeneyi anaikonzera malole ndi mathirakitala. Lole siiopa chitunda monga aopera munthu wopalasa.

Taganizani za mphunzitsi amene achoka kwawo m'mawa. Ayamba ndi kanjira ka katondo, kamene pa dzinja kamaterera ngati sopo. Alowa mu mseu wa miyala, umene magudumu a malole anaukumba mizere iwiri. Akafika ku M1 ali pa tala. Ndipo ngati atsikira cha ku Embangweni kapena ku midzi ya kumadzulo, akumana ndi mchenga. Ulendo umodzi, miseu ya mitundu inayi. Mnzathu wa ku Nsanje kapena wa ku Mchinji, kumene dziko liri lathyathyathya, angathe kukuuzani kuti iye amakoka matumba atatu osatuluka thukuta. Sakunama, koma musamutsanzire.

Aphunzitsi, tiyeni tiwerengere limodzi, ndipo samuyi mukaipereke kwa ana anu. Munthu alemera makilogalamu 60, njinga 20, ngolo 15, thumba la chimanga 50. Zonse pamodzi ndi 145. Pa mseu wathyathyathya izi sizivuta, chifukwa magudumu angogubuduka. Koma pa chitunda chimene chikwera phazi limodzi pa mapazi khumi ali onse, gawo limodzi la magawo khumi a kulemera kumeneku likukokerani m'mbuyo. Ndiye kuti muli ngati munthu amene wamangidwa chingwe m'chuuno, ndipo ku nsonga ya chingwecho kwalendewera mwala wa makilogalamu 14 ndi theka m'chitsime. Mukatembenuka kuti mutsike, mwala womwewo uyamba kukukankhani. Zitunda zotero kuno ziripo, ndipo inu muzidziwa ndi maina.

NJINGA YOYENERA

Makolo athu amene anabwera kuchokera ku Joni ndi ku Harare anabwera ndi njinga zakuda za Humber, Raleigh, Hercules ndi Phillips, zopangidwa ku Mangalande. Pambuyo pake kunabwera za ku India monga Hero ndi Avon, ndi za ku China monga Phoenix. Zonsezi kapangidwe kake ndi kamodzi: magudumu akuluakulu a 28, giya mmodzi, ndi mabuleki a tizitsulo. Ubwino wa njinga ya mtundu uwu ndi wakuti zipangizo zake zipezeka ku Jenda, ku Mzimba Boma, ngakhale pa kagolosale ka m'mudzi, ndipo mmisiri ali yense wa pansi pa mtengo aidziwa. Kuipa kwake ndi kuwiri. Giya wake ndi wolemera pa phiri, ndipo mabuleki ake sagwira bwino pa mvula.

Za giya nzosavuta kukonza, koma anthu ambiri sadziwa. Werengani mano a giya wamkulu wa pa mapedulo. Kawirikawiri akhala 44 kapena 46. Werenganinso mano a fuliwilo kumbuyo; mupeza 18 kapena 20. Ngati ali 44 ndi 18, mukapalasa kamodzi njinga ya 28 iyenda pafupifupi mamita 5 ndi theka. Mukachotsa fuliwilo imeneyo ndi kuikapo ya mano 22, gudumu lizungulira kawiri kokha, ndipo njinga iyenda mamita 4 ndi theka. Mwataya liwiro pang'ono pa tala, koma miyendo yanu yapepukidwa ndi pafupifupi gawo limodzi la magawo asanu. Tcheni chidzafuna kuonjezera mfundo imodzi kapena ziwiri. Anyamata adzakupitirirani pa mseu waukulu ndi kukusekani kuti agogo akupalasa ngati akupota thonje. Asiyeni. Mudzawapeza pa chitunda akukankha.

Pali mtundu wina umene wachuluka tsopano, ndiwo njinga za magiya ambiri zimene zimabwera zogwiritsidwa kale ntchito kunja. Inu a kuno muzidziwa bwino, chifukwa alendo amabwera kudzapalasa njinga zotere m'nkhalango muno, ndipo ana athu amaziyang'ana ndi maso a njala. Njinga ya mtundu uwu ikakhala yabwino iposa zonse pokoka ngolo pa phiri, chifukwa iri ndi magiya opepuka, matayala onenepa, ndipo zambiri malimu ake ndi a aluminiyamu, amene mabuleki amawagwira bwino ngakhale anyowe. Koma kumbukirani kuti mlendo uja sanyamula kanthu koma botolo la madzi, ndipo njinga yake ikathyoka akwera galimoto. Inu kachitsulo kosinthira magiya kamene kamalendewera pafupi ndi masipoko kakakodwa mu udzu ndi kupindika, mudzafuna kena kofanana nako, ndipo mwina mudzakapeza ku Mzuzu. Ndiponso pa msika pali zina zonyezimira, za masipulingi kutsogolo ndi pakati, zimene chitsulo chake nchofewa ngati chitini. Imeneyo musaimangirire ngolo. Chakomachakoma pusi anagwa chagada. Ngati mugula ya magiya, pitani ndi mmisiri, musankhe ya fulemu wamba yopanda sipulingi pakati, ndipo mufunse ngati tcheni, fuliwilo ndi mawaya a mabuleki ake zipezeka pafupi.

Palinso njinga ya Buffalo, ya bungwe la World Bicycle Relief limene linayamba mu 2005. Anaipanga mwadala kuti ikhale yolimba pa miseu ya m'midzi, ndipo keliyala yake anaiyesa kuti isenze makilogalamu 100. Munthu amene ali ndi njinga yolimba chotero, ndipo katundu wake ndi thumba limodzi, mwina ngolo saifuna nkomwe. Ngolo ipindulitsa pamene katundu ndi wamkulu thupi, monga madengu a kabichi ndi tomato, kapena wosati nkumangika pa keliyala, monga mwana wamng'ono kapena wodwala.

Boma silisankhira munthu sitolo kapena dzina la njinga. Koma maganizo anga ndi awa: kwa munthu amene ayenda tsiku ndi tsiku, ndipo ndalama zake nzowerengeka, njinga ya giya mmodzi yolimba, yoikidwa fuliwilo ya mano 22 ndi mabuleki awiri ogwira, iposa njinga ya magiya 21 imene igona m'nyumba mwezi wathunthu kudikira chipangizo. Njinga ya mpikisano, ya matayala oonda ngati chala, tisataye nayo nthawi.

Azibambo, ngati ngoloyo idzakokedwanso ndi amayi a kunyumba, ndipo m'nyumba zambiri ndiwo amapita ku msika, ganizani za njinga yopanda mtanda, imene munthu wovala chitenje angathe kutsikapo msanga. Wokoka ngolo amatsika kawirikawiri.

MABULEKI

Pano ndikuuzani zimene zinandichitikira ine. Unali mwezi wa January, mvula itangokata. Ndinaika matumba awiri a mbatata ya kachewere m'ngolo imene ndinali nditangokhomesa, ndipo ndinaimangirira pansi pa chishalo ndi waya. Njinga inali ya malimu a chitsulo. Nditayamba kutsetsereka ndinamva bwino ndithu, mphepo ikundiomba. Nditaona mlatho kumunsi, pamene mseu ukhota, ndinagwira mabuleki. Anangolira, koma njinga sinamve. Ndinafinya ndi mphamvu zonse. Pamene madzi anauma pa malimu mabuleki anagwira mwadzidzidzi, ngolo inakankha chishalo, gudumu la kumbuyo linanyamuka ndi kupita cham'mbali, ndipo ndinapezeka ndiri m'ngalande. Fupa la paphewa linathyoka. Ndinakhala masabata asanu ndi limodzi osagwira khasu, pa nthawi yopalira, ndipo mbatata zina zinapita ndi madzi. Amayi a kunyumba sanandikalipire. Anangofunsa kuti, "Kodi bambo, munali kuthamangira kuti?" Mpaka lero sindinapeze yankho.

Ndinaphunzirapo izi. Mphira wa buleki sagwira limu la chitsulo lonyowa mpaka atapukuta madzi, ndipo gudumu lizungulira kangapo asanatero. Chotero pa mvula yambani kugwira mabuleki pang'onopang'ono muli pamwamba pa chitunda, liwiro lisanabwere. Gwirani onse awiri. Pali anthu ambiri amene anachotsa buleki ya kutsogolo poopa kugwa chamutu, ndipo ena amaimitsa njinga poponda tayala ndi nsapato. Munthu wotere asakoke ngolo. Buleki ya kutsogolo ndiyo iri ndi mphamvu zambiri. Njinga zina ziri ndi buleki ya m'habu, imene munthu amaigwira popalasa chobwerera m'mbuyo. Imeneyo mvula siivutitsa, koma imatentha pa chitsetse chachitali, ndipo tcheni chikaguluka buleki yatha. Ngati yanu ndi yotero, muikitse ina kutsogolo.

Ndipo pa chitsetse chachikulu tsikani, muyende pansi mutagwira mabuleki. Palibe mfumu imene inalipiritsa munthu chifukwa chokankha njinga. Kuno ku mapiri ine sindiika m'ngolo yopanda buleki katundu woposa thumba limodzi la makilogalamu 50. Ngati matumba ndi awiri, maulendo akhalenso awiri.

MATAYALA

Tayala lopopa linatchuka ndi John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto wa ku Belfast, amene mu 1887 analipangira kanjinga ka mwana wake kuti asamagwedezeke pa miyala. Mpweya ndiwo usenza katundu. Mphira ndi nsalu za tayala zingousunga. Nchifukwa chake tayala lonenepa, lokhala ndi mpweya wambiri, ndilo liyenera munthu wa katundu ndi wa mseu woipa. Sititimira msanga mu mchenga tikakhala pa tayala lonenepa, ndipo limu siligunda mwala. Gulani lonenepa monga foloko ndi madigadi a njinga yanu alola, koma pasiyike mpata wolowa chala, chifukwa katondo akadzaza pakati pa tayala ndi madigadi gudumu limaima.

Tsopano za manambala, pamene ambiri tataya ndalama. Tsiku lina ndinalowa m'sitolo ina m'tauni ndi kunena kuti ndifuna tayala la 28. Anandipatsa, ndinalipira, ndinabwera nalo kunyumba. Ndinalimbana nalo madzulo onse ndi zigwiriro za masipuni mpaka ndinaboola chubu chatsopano, koma silinalowe. M'mawa mwana wa sukulu ndiye anandionetsa kuti pa tayala lakale panalembedwa 28 x 1½, koma pa latsopano 28 x 1⅝. Mwini sitolo anakana kulilandira, nati lada. Safunsa anadya phula.

Chimene chiripo ndi ichi. Nambala ya mainchesi imanyenga, chifukwa matayala awiri angathe kutchedwa 28 kapena 26 koma osalowa pa limu limodzi. Yang'anani m'mbali mwa tayala lanu. Pa matayala ambiri mupeza nambala ina ya zigawo ziwiri, monga 40-635. Yoyambayo ndi kunenepa kwa tayala m'mamilimita. Yachiwiriyo ndi kukula kwa limu, ndipo imeneyi ndiyo siisintha. Njinga zathu zakuda za 28 x 1½ nambala yake ndi 635. Za 28 zina zochokera ku Ulaya ndi 622. Kusiyana kwake ndi mamilimita 13 okha, koma ndi amene anandigonetsa ndi njala. Njinga za magiya za 26 x 1.95 ndi 559, pamene za 26 x 1⅜ ndi 590. Nambala yoyamba mungathe kuisintha pang'ono kuti mupeze tayala lonenepa. Yachiwiri ikhale yomweyo. Ngati nambala inafufutika, nyamulani tayala lakale popita ku sitolo. Kuli bwino kusekedwa pa njira kusiyana ndi kugula kawiri.

Nanga mano a tayala? Tayala la mano akuluakulu ligwira bwino pa matope, koma pa tala limalira, limalemera kupalasa, ndipo manowo amatha msanga mukamakoka katundu. Tayala losalala liyenda mopepuka pa tala koma pa katondo wonyowa lingozungulira pamodzimodzi, makamaka chifukwa katundu amene kale anali kupanikiza gudumu la kumbuyo tsopano ali m'ngolo. Ichi anthu ambiri chimawadabwitsa pa dzinja loyamba. Kwa ife amene ulendo wathu uli wosakaniza, labwino ndi la mzere wosalala pakati ndi mano m'mbali. Amene simufika ku tala konse, gulani la mano. Posankha, finyani m'mbali mwa tayala ndi zala: lopyapyala ngati chikopa cha mbuzi silikhalitsa, ngakhale mtengo wake ukome. Tayala lotsika mtengo limene mugula katatu pa chaka ndilo lodula.

Magudumu a ngolo sapalasa ndipo saongolera, chotero safuna mano. Ine ndimachita motere. Ndikagula tayala latsopano ndimaliika kutsogolo, chifukwa tayala la kutsogolo likaphulika pa chitsetse munthu amagwa chamutu. Limene linali kutsogolo lipita kumbuyo, ndipo la kumbuyo, ngati nsalu yake sinaoneke ndipo m'mbali simunang'ambike, lipita ku ngolo. Tayala limodzi ligwira ntchito zitatu. Koma izi zitheka pokhapokha magudumu a ngolo ndi a njinga ali a nambala imodzi, ndipo ndibwereranso pa mfundo imeneyi.

Za kupopa. Mukapeza chubu chitabooka timabowo tiwiri toyandikana ngati njoka yaluma, musanamizire minga. Tayala linali lofewa, ndipo limu linatsina chubu pa mwala. Popani la kumbuyo mpaka chala chachikulu chilephere kulibonyola, ndipo muliyese m'mawa uli wonse musananyamuke. La ngolo lisakhale gwa ngati mwala pamene ngolo iri yopanda katundu, chifukwa idzadumphadumpha ndi kugubuduka. Mkati mwa limu muzikhala lamba wophimba mitu ya masipoko. Chidutswa cha chubu chakale chikwanira. Amene mumadutsa m'malo a minga ya mthethe, dulani waya wa m'mphepete mwa tayala lakutha, ndipo chotsalacho muchiyale mkati mwa tayala labwino. Njinga ilemerako pang'ono, koma simudzakhala pansi kumata zigamba ana akudikira m'kalasi. Ndipo musasiye njinga pa dzuwa tsiku lonse. Dzuwa ling'amba mphira kuposa mseu.

Mavaluvu nawonso ali a mitundu itatu: lathu lakale lokhala ndi kamphira mkati, lonenepa lofanana ndi la galimoto, ndi lina loonda la njinga za kunja. Onani kuti pampu yanu imodzi ipopa magudumu onse anayi. M'kathumba ka pansi pa chishalo muzikhala zigamba, guluu, kamphira ka valuvu, ndi sipanala.

NGOLO

Ngolo aipanga ndi amisiri owotcherera, ndipo mukawauza bwino chimene mufuna adzachita. Isakhale yotambalala, masentimita 80 akwanira, chifukwa timilatho tathu ndi tinjira tathu ndi topapatiza. Pansi pake pakhale pafupi ndi nthaka, pamunsi pa ekiselo ngati nkotheka, kuti isagubuduke pokhota. Gudumu liri lonse ligwidwe ndi chitsulo mbali zonse ziwiri monga ligwidwira pa foloko. Logwidwa mbali imodzi ekiselo yake imapindika. Ena akonda timagudumu ta 20, ndipo ali ndi zifukwa zabwino: nto limba, ndipo ngolo imakhala yaifupi. Koma timagwera m'maenje, ndipo tifuna chubu ndi tayala lakelake. Kwa munthu wa kuno, amene sitolo iri kutali, ine nditi magudumu a ngolo afanane ndi a njinga. Chubu chimodzi chapadera chithandiza pali ponse, ndipo gudumu la kutsogolo likapindika muli kutali, mungathe kubwereka la ngolo ndi kukafika kunyumba.

Polumikizira ndipo pofunika koposa. Payenera kupindika mbali zonse, kuti njinga ikapendekeka kapena kugwa, ngolo itsale chiriri. Chidutswa cha tayala la galimoto chomangidwa ndi mabauti chimachita bwino ntchito imeneyi. Waya iai, ndakuuzani kale za waya. Kwa ife a ku mapiri ndi bwino kulumikiza pansi, pafupi ndi ekiselo ya kumbuyo, chifukwa ngolo yolumikizidwa pamwamba, pansi pa chishalo, imafuna kunyamula gudumu la kumbuyo mukagwira mabuleki. Muonjezere chingwe cholimba kuchokera ku ngolo kufika ku fulemu, kuti polumikizira pakaduka ngolo isathawe yokha kunka kumene kuli ana.

Poika katundu, wolemera akhale pansi, pamwamba pa ekiselo, chakutsogolo pang'ono. Mukatha, nyamulani mkono wa ngolo ndi dzanja limodzi. Uzimveka kulemera pang'ono, ngati kandowa ka madzi. Ukamanyamuka wokha, katundu wapita m'mbuyo, ndipo adzapepula gudumu lanu la kumbuyo. Ukakanika kunyamuka, mwabwezera katundu yense pa njinga, ndipo ngolo mwaigulira chabe. Masiku oyamba yendani nayo yopanda kanthu pa bwalo la sukulu, muphunzire kukhota motalikira, chifukwa ngolo imadula ngodya.

Mafumu, mundilole ndinene ichi pamaso panu. Ngolo imene ndikunena si ya makala. Lamulo la nkhalango la 1997 liletsa kuotcha ndi kugulitsa makala popanda chilolezo, ndipo mu 2020 zilango zake zinakhwimitsidwa. Amene mwadutsa ku Perekezi mwaona ndi maso anu zimene makala achita. Ndi zokwanira pamenepo.

Tsono za kunyamula anthu. Mphunzitsi wina anandifunsa ngati angaike mwana wake wa zaka zitatu m'ngolo popita ku sukulu. Angathe, koma mwanayo akhale pansi pa ngolo, osati pa mpando wautali, amangidwe lamba, ndipo pakhale chotchinga kuti zala zisafike ku masipoko ndi kuti matope a gudumu asamugwere m'maso. M'miyezi ya June ndi July mum'funditse bwino. Inu mukutuluka thukuta, iye wangokhala mu mphepo.

Midzi ina iri ndi ngolo za odwala. Ndayenda m'midzi yambiri, ndipo kawirikawiri ndimaipeza ngoloyo kuseri kwa nyumba, matayala ali phwa, nkhuku zikuikiramo. Tsiku limene mayi wapakati adzayamba kudwala usiku, ndipo chipatala cha Katete, cha Embangweni kapena cha ku Boma chiri kutali, anthu adzayamba kufunafuna pampu ndi muuni. Komiti ya mudzi isankhe munthu mmodzi woti azipopa matayala amenewo ndi kuyesa mabuleki Loweruka liri lonse, ndipo chubu chapadera chikhale chomangirira ku ngolo komweko. Ponyamula wodwala musapite munthu mmodzi. Mukhale atatu: mmodzi apalase, awiri akankhe pa chitunda ndi kugwira chingwe kumbuyo pa chitsetse. Ndipo azimayi, ngolo ndi ya mwadzidzidzi. Masiku akayandikira pitani ku chidikiro mukadali ndi mphamvu zoyenda.

Chotsala ndi mseu wa M1. Pamenepo pamadutsa mabasi ndi malole a matabwa, ndipo nkhungu ya m'mawa ya kuno ku Viphya muidziwa: munthu saona ng'ombe iri patsogolo pake. Dalaivala amene aona mutu wanu aganiza kuti ndinu njinga wamba, sadziwa kuti kumbuyo kwanu kuli chinthu chachifupi ndi chotambalala. Yendani kumanzere. Kumbuyo kwa ngolo mukhome zonyezimira zofiira ziwiri, china ku ngodya iyi china ku ngodya iyo, ndipo muimike nsungwi yaitali yokhala ndi kansalu kowala. Ngati muyenda kusanache kapena kutada, nyali yoyera kutsogolo ndi yofiira kumbuyo. Mukamva lole ikubwera pamalo opapatiza, patukani muime.

Ndalankhula nthawi yaitali, ndipo ndaona ena ayamba kuyang'ana kumwamba ngati mvula ibwera. Ngolo yanga ndaisiya pansi pa mtengo uko, ndipo m'katimo muli thumba la mchenga la makilogalamu 50. Ali yense amene afuna aikoke kufika pa chitunda cha kuseri kwa sukulu ndi kubwerera, koma ndiyamba ndayesa mabuleki ake. Enanu pitani ku njinga zanu, muwerenge nambala ya pa tayala ndi mano a fuliwilo. Aphunzitsi ali ndi mapepala ndi mapensulo oti mulembepo. Amene ali ndi sipanala ya 15 abwere nayo kuno.